Chimbudzi Cholira cha Alamu Anga

Senderani kuno ana inu, bwerani ndi malichero anuwo tiziswera pamodzi mtedzawu. Iwe wa cholembera khala mbali ino ya khutu langa labwinoli, ulembe monga ndikunenera, usakometsere. Koma tayambani mwakhala chete. Mwamva? Komweko, m'nyumbamo. Chifikireni ine pano dzana, kachimbudzi kanu kogujumulako kakungoti chololo, chololo, ndipo aliyense akudutsa pakhomo pake ngati alibe makutu. Ine kulira kumeneko ndimakudziwa. Kudatsala pang'ono kundibweza kumudzi ndili mwana, ndipo ndikadabwerera, sindikudziwa kuti amayi anuwa ndikadawalera ndi chiyani.

Ndikukumbukira ndidali kamtsikana kosatha msinkhu, kwathu kwa Kabudula. Sukulu idandidutsa pambali. Bambo ankati manja anga ngopepuka, oyenera kusoka fodya, choncho anzanga akamapita ndi timabuku tawo, ine ndinkakhala m'chigafa, zala zakuda ndi utomoni. Achemwali anga aakulu, a Esinta, adakwatiwa ndi mlangizi wa zaulimi, a Fulakisoni, akwawo ku Nambuma. Atawatumiza kukagwira ntchito cha ku Namitete adatenga mkazi wawo, ndipo achemwali atakhala ndi pakati adatuma mawu kuti Enelesi abwere adzandithandize. Enelesiyo ndine.

Nyumba yake idali ya kuntchito kwa alamu, ya njerwa zootcha, pansi pa simenti yofiira imene ndinkaipukuta mpaka kudzionamo nkhope. Kuseri kudali thanki yamadzi pamwamba pa chipilala. Injini ya pamalopo inkapopera madzi m'thankimo masiku ena okha, ndipo akatha, atha basi. Umayenera kudikira tsiku lina la injini, apo ayi kutenga nkhata ndi ndowa kutsikira kuchitsime cha kudambo, kumene pobwera unkakwera chitunda khosi likuwawa.

Zinthu ziwiri zidandigwira mtima m'nyumba imeneyo. Choyamba chidali mpopi. Tsiku lofika ndidautsegula, ndidautseka, ndidautsegulanso, ndikuseka ndekha ngati wamisala. Alamu adandipeza ndili pomwepo.

"Alamu, mundimalizira mtsinje wanga," adatero akuseka. "Mkazi wanga wamng'ono uyu adzandimwetsa fumbi."

"Ndani angakwatiwe ndi inu, miyendo yoonda ngati masipoko a njinga yanuyo?" ndidayankha.

Ndi mmene tinkakhalira, paja pachilamu mawu sapweteka. Mpopiwo sindidauseweretsenso, chidwi chidatha tsiku lomwelo, koma zimene munthu wakuona ukuchita tsiku loyamba amazisunga.

Chachiwiri chidali makina osokera a achemwali, akuda, opalasa ndi phazi. Masana ntchito ikatha ankandikhazika pampando, n'kundipatsa kachigamba kuti ndiphunzire kulondola mzere. Adandilonjeza kuti akachira adzandiphunzitsa kudula diresi. Ine amene sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndidaona kuti pano pali sukulu yanga. Ndinkagona ndikumva phazi langa likupalasa.

Mudalinso kachipinda kena kakang'ono, kogundana khoma ndi chipinda chogona cha achemwali. M'menemo mudali chimbudzi chogujumula. Tsiku lomwe ndidafika achemwali adandiuza kuti umu si mwa ana, ndipo ine ndinkapita kuchimbudzi chokumba kuseri kwa nthochi. Kunena zoona sindinkakasirira n'komwe. Kwa ine zidali zodabwitsa kuti anthu aulemu wawo azidzithandiza m'nyumba momwe akudyeramo.

Mwana adabadwa nthawi yotentha, mitengo ili mbee, nthaka ikuotcha kumapazi. Adali wamwamuna. Mayi athu, aNankhoma, adabwera kuchokera kumudzi kudzakhala ndi achemwali m'chikuta, kudzasambitsa khanda ndi kuthowa mwana wawo ndi madzi otentha.

Mayi anga inu simudawaone. Adali afupi, osalankhulalankhula, ndipo pa nkhani ya ulemu adali ouma ngati mtengo wa muwanga. Mkamwini wawo sankayang'anana naye m'maso, sankadya pamene iye akuona, sankamutchula dzina. Akakumana panjira, mayi ankapatukira patchire n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Mawu onse ankadzera mwa munthu wina, ngakhale onse awiri ali pabwalo limodzi akumvana bwinobwino. Alamu nawonso mwambowo ankausunga. Akamachokera kuminda madzulo ankayamba kuliza belu la njinga akadali kumsewu, ngiri, ngiri, kuti apongozi awo apeze mpata wochoka pakhonde. Belu limenelo lidali ngati odi wawo.

Ndiye m'masiku omwewo madzi adayamba kutha msanga. Injini ipope m'mawa, pofika mawa lake mpopi ukungopuma mpweya. Tsono nyumba ya khanda mukuidziwa: matewera, nsalu, madzi osamba a mayi, madzi osamba a mwana. Ndinkatsika kudambo n'kukwera, kutsika n'kukwera, mpaka tsitsi la pakati pamutu lidayamba kuthothoka. Alamu adakafunsa kwa woyendetsa injini, iye adati thanki yanu ndimaidzaza mpaka kusefukira. Adakwera pachipilala kukayang'ana ngati yabooka, adapeza ili bwino. Adayendera mapaipi akunja, onse ouma. Kenaka adayamba kundiyang'ana ine.

Lamulungu lina masana, titachoka kutchalitchi, adapeza mpopi uli gwa, chonsecho injini idapopa dzulo lake. Adakhala pansi pa mtengo wa mango n'kundiitana. Ndidagwada. Sadandinene mkazi wawo wamng'ono. Alamu ako akasiya kukuseka, dziwa kuti zavuta.

"Enelesi, madzi akupita kuti?"

"Sindikudziwa, alamu."

"Ine ndimachoka m'mawa. Achemwali ako ali gone. Amayi mpopi saugwira, amatunga mumtsuko. Watsala ndani?"



Adakweza mawu pang'ono, kuti amene adali kukhitchini amve popanda kuuzidwa. "Amayi akamabwerera kumudzi, Enelesi apite nawo. Akayambe wakula. Pano pakufunika munthu wodziwa kuti madzi si choseweretsa."

Sadandimenye, sadandikalipire. Koma ine ndidaona chigafa chija chikundidikira, ndidaona makina aja akuvundikiridwa ndi nsalu yake. Ndidaonanso akazi a kumudzi akufunsana kuti mwana wa aNankhoma wabwereranji msanga, n'kuyankhana okha kuti adamuthamangitsa, ngosamva. Ndidapita kuseri kwa khitchini kukalira.

Mayi adandipeza komweko. Adakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Kodi mpopi umaseweretsa?"

"Iyayi, mayi."

"Ndikudziwa. Pukuta mamina, unditsate."

Adandizungulitsa nyumba mpaka kuseri kwa kachipinda kaja, cha kumunsi pang'ono, kumene kudali dzenje lokwiriridwa lolandira zonyansa za m'chimbudzimo. Pamenepo padali udzu wobiriwira, wonenepa, nkhuku zikupalasa mosangalala. Kwina konse kudali fumbi lokhalokha.

"Mvula idagwa liti?" adandifunsa.

"Sidagwe."

"Nanga udzu uwu akuuthirira ndani?"

Kenaka adandilowetsa m'chipinda cha achemwali, n'kundigunditsa khutu kukhoma. Ndidamva. Chololo, chololo, pang'onopang'ono, osapuma.

"Chibwerereni ine, khoma ili silidakhalepo chete," adatero mayi. "Madzi akamalira ndiye kuti akuyenda. Madzi okhala salira."

Ndidachotsa khutu kukhoma. "Ndiye kawauzeni alamu!"

Adandimenya pakamwa ndi zala ziwiri, osati mopweteka. "Iwe, ukudziwa chimene ukunena? Ine nditsegule pakamwa panga kutchula malo amene mkamwini wanga amakhala ali chivulire? Akaziona bwanji? Kuti apongozi akhala akutchera khutu kumeneko?"

Ndidatembenukira kwa achemwali, amene adali gone ndi mwana pambali. Iwo adati kulirako adakumva kalekale, ndipo adafunsapo asanachire. Alamu adayankha kuti zimbudzi zamadzi zimatero, ndipo adati akuntchito powapatsa makiyi adawachenjeza kuti zam'nyumba ya ntchito osazigwiragwira, zikaonongeka ndi mlandu. "Ndikanenanso lero," adatero achemwali, "aziti ndikuikira kumbuyo m'bale wanga."

"Basi ndikanena ndekha."

"Woimbidwa mlandu akaloza kwina amati akuzemba," adatero mayi. "Khala chete."

Taonani tsono, ana inu. Akazi atatu m'chipinda chimodzi, tonse tikudziwa kumene madzi akupita, ndipo palibe angakanene. Wina wamangidwa ndi ulemu, wina ndi mantha, wina ndi ubwana. Kuseri kwa khoma madzi ali chololo.

Masiku adapita. Mchombo wa mwana udagwa, achemwali adayamba kutuluka panja, ndipo mayi adayamba kuchapa nsalu zawo za paulendo. Ine ndinkangoyenda ngati nkhuku yonyowa. Mayi ndinkawaona akamasambitsa mwana, maso awo ali kukhoma lija.

M'mawa wina injini itangomaliza kupopa, alamu adakwera njinga kupita kuminda. Mayi adaima pakhonde mpaka fumbi la njingayo litatha. Kenaka adamasula chitenje n'kuchimanganso molimba m'chiuno, monga ankachitira akamapita pamtondo.

"Tiye," adatero.

"Kuti, mayi?"

"Pakamwa panga sipanganene. Koma manja sadalumbire kanthu."

Achemwali adadzuka pamphasa. "Mayi, mukufuna kulowa m'menemo? Inu?"

"Iwe yamwitsa mwana. Sudaone kanthu."

Adaima pakhomo pa kachipindako kanthawi, ngati munthu amene akufuna kuwoloka mtsinje wodzaza. Kenaka adakankha chitseko. Ndidalowa pambuyo pawo. Mudali mopanikiza, anthu awiri kugundana mapewa. Padali chokhalira choyera ngati mbale yaikulu, ndipo kumbuyo kwake, chokhomeredwa kukhoma, kathanki kokhala ndi chogwirira pambali. M'mbalemo madzi ankatsetsereka kuchokera m'mphepete, kamzere kopyapyala konyezimira, kosaleka. Mayi adayang'ana kumbali, ngati aona chinthu chosayenera kuonedwa, koma adaloza kathanki kaja.

"Akuchokera umu. Vundukula."

Chivundikiro chake chidali cholemera. Tidachinyamula awiri n'kuchiika pansi. Ine ndinkayembekeza zonyansa, koma mudali madzi oyera, omwewo a mumpopi. Adali odzaza mpaka kukamwa kwa kapaipi kena koimirira, ndipo ankasefukira m'kapaipiko kutsikira kumbale. Pakona padali pamene madzi ankalowera, akuchita tsii. Kuchokera pamenepo padatuluka kamkono kachitsulo, ndipo kumapeto kwake kudali mpira wofiira, waukulu ngati dzungu laling'ono, uli chomira theka.

Palibe mwa ife amene ankadziwa ntchito ya chilichonse. Ndidangogwira kamkonoko mwachidwi n'kukakweza pang'ono. Phokoso lidaleka.

Tidayang'anana. Ndidakasiya, tsii. Ndidakakweza, zii.

"Ndiye kakufuna kukhala m'mwamba," adatero mayi. Adang'amba kansalu m'mphepete mwa mpango wawo, tidamangirira kamkonoko kumsomali wa pawindo. Madzi adasiya. Ine ndidayamba kuvina, koma achemwali, amene adalephera kupirira n'kubwera kudzasuzumira, adati, "Nanga akagujumula, madzi ena alowa bwanji mutamanga choncho? Ndipo akaona nsaluyo adziwa mpango wake."

Mayi adamasula msangamsanga. Adaganiza pang'ono. "Kamkonoka kagwa mphwayi. Tikapinde kuti kaziima kokha."

Adakagwira ndi manja awiri, manja ozolowera khasu, n'kukoka. Kudamveka thyo. Kapini kadzimbiri kamene kankagwira kamkonoko kadaduka, kamkono ndi mpira wake zidatsalira m'manja mwa mayi, kachitsulo kena kadafwamphuka n'kugwera pansi pa kathanki, ndipo madzi adatumphuka ngati ng'ombe yaboola mtsuko. Adawamenya mayi kumaso, adamenya denga, adayamba kuyenderera pasimenti kulowera kuchipinda chochezera.

"Mayo ine!" Mayi adaponya mpira uja n'kutseka pabowopo ndi chikhatho. Madzi ankatulukira m'mipata ya zala. "Enelesi, nsanza! Esinta, chotsa mphasa!"

Pakati pa chipwirikiti chimenecho ndidamva ngiri, ngiri, kumsewu.

Alamu adaiwala kachikwama ka mbewu zokaonetsa alimi. Belu adaliza monga mwa masiku onse, mokwanira kuti apongozi achoke panjira. Koma apongozi akadachoka bwanji? Akachotsa dzanja, thanki yonse ithera m'nyumba. Ndidaona nkhope ya mayi. Sindidawaonepo akuopa galu, njoka kapena bambo ataledzera, koma tsiku limenelo adaopa. Dzanja sadachotse.

Alamu adalowa akuponda m'madzi, adafika pakhomo pa kachipinda, ndipo adaona apongozi awo ali chiweramire pa chimbudzi chawo, anyowa kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Adabwerera m'mbuyo ngati aponda moto. Tidamva akuthamangira kuseri, ndipo posakhalitsa madzi adafooka n'kuleka. Pansi pa thanki yaikulu padali kampopi kotsekera nyumba yonse. Ife sitinkadziwa.

Madontho ankagwa kuchokera kudenga. Mayi adatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa chitenje chonyowacho kumutu. Alamu adabwera n'kunjuta m'kanjira ka m'nyumba, atafulatira chitseko, maso ali pansi. Ine ndidaima pakati pawo, madzi ali m'akakolo.

Adayamba ndi alamu, mawu ali pansipansi. "Enelesi, uwafunse amayi ngati avulala."

"Mayi, akuti mwavulala?"

"Uwauze kuti sindidavulale. Uwauze kuti ndalakwa, ndalowa posayenera, ndathyola chinthu cha eni ake."

"Akuti alakwa, athyola..."

"Ndamva. Uwafunse amayi chimene amafuna m'menemo."

Mayi adati, "Uwauze kuti ndimafuna madzi amene akuti mwana wanga adataya."

Mawu amenewo sindidawabwereze. Padalibe chifukwa. Ndidaona khosi la alamu likuwerama.

Ndipo kuchipinda kudamveka kuphulika kwa chiseko. Achemwali adagwira pamimba, misozi ili mbwembwembwe. "Musandiseketse, anthu inu, ndikadali ndi bala! Wina wafulatira uku, wina wafulatira uko, ngati nkhuku zokangana!"

"Esinta, khala chete," adatero mayi m'chitenje muja, koma ndidamva kuti nawonso mawu awo akugwedera.

Alamu adatuluka kukaima kumango kuti mayi adutse. Mayi atasintha zovala adakakhala panja, pansi pa kawindo ka kachipindako, atatsamira khoma. Alamu adavula nsapato, adapinda buluku, adatenga kachikwama ka zida za njinga n'kulowa. Adandiitana.

"Ndisonyeze zimene mudaona."

Ndidawasonyeza kapaipi kosefukira, ndi mmene kamkono kankatsekera madzi ukakakweza. Adayang'anitsitsa ngati mwana wa sukulu. "Chikhalireni m'nyumba muno sindidavundukulepo," adatero. "Ndinkaopa. Kwathu ku Nambuma tidaziona kuti izi?" Adatola mpira uja pansi, ndipo adadabwa. "Bwanji ukulemera chonchi?" Adaugwedeza pafupi ndi khutu. Mkati mudamveka khuchukhuchu.

Kunja kwa windo kudachokera mawu. "Enelesi, uwauze kuti chikho chong'aluka sichiyandama."

"Uwauze amayi kuti anena zoona," adatero alamu, akuuzunguza mpirawo m'manja. "Nawu mng'alu, pamsoko. Ukamwa madzi umalemera, ukalemera sukwera, ukapanda kukwera sukankha kamkono kuti katseke. Uwafunse ngati akuganiza kuti chigamba cha chubu chingagwire."

"Uwauze kuti ayambe auumitsa. Chonyowa sichimatika."

Ndi mmene tidagwirira ntchito, wina mkati, wina kunja, ine ndili mlomo wa onse awiri. Alamu adakuza mng'aluwo pang'ono ndi nsonga ya mpeni, adakhutula madzi onse, ine ndidakauika mpirawo padzuwa pamwamba pa mtondo wotembenuza. Utauma adaupala ndi kamwala kuti pakhale pokhakhala, adapaka guluu womatira chubu, adadikira kuti aume pang'ono, n'kumatapo chigamba chodula ku chubu chakale. Adachipsinja ndi chala chachikulu nthawi yaitali, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi.

Kachitsulo kamene kadafwamphuka kaja kadagwera pakona pamene dzanja lawo silinkafika. Langa lidafika. Kumutu kwake kudali kamphira kakang'ono kozungulira, kodyeka mbali imodzi. Alamu adati poti tatsegula kale, tisinthiretu. Adakaika pachubu, adalemba mozungulira, ine ndidadula ndi sizasi ya achemwali, paja kulondola mzere ndidali nditaphunzira. Adabwezera kachitsulo m'malo mwake, adalowetsa kamkono, koma pofuna kumangirira adapeza kapini kaja kali zidutswa ziwiri. Adayesa msomali, udakula. Adayesa waya, udali wofewa.

"Enelesi, uwauze amayi kuti tasowa kapini."

Kenaka pawindo padatulukira dzanja lokha, lopanda nkhope, litagwira pini yaikulu ya thewera. Alamu adailandira ndi manja awiri, ngati akulandira mphatso ya pachinkhoswe. Idalowa ngati adaipangira pomwepo.

Adandituma kukatsegula kampopi ka kuthanki. Ndidathamanga kubwerera kuti ndidzaone. Madzi ankalowa, tsii, mpira uja ukukwera nawo, uli pamwamba ngati bakha. Udakwera, udakwera, phokoso lidayamba kuchepa, ndipo madzi asanafike kukamwa kwa kapaipi kosefukira kaja, lidaleka. Tidadikira. Mbale ili phee, kamzere kaja kulibe. Kunja mayi adagunditsa khutu kukhoma.

"Uwauze kuti khoma lagona," adatero.

Alamu adandiyang'ana. "Alamu," adatero, "ndidakulakwirani. Ndidakuweruzani ndisanavundukule." Munthu wamkulu, wa ntchito yake, kunena choncho kwa kamwana kopanda nsapato. Ndidasowa poyang'ana. Ndipo pofuna kundipulumutsa ku manyaziwo adati, "Tsono poti mkazi wanga wamng'ono ndi mmisiri, agujumule ndiye, tione ngati zikugwira."

Ndidakoka chogwirira chija. Madzi adabangula, ine ndidakuwa n'kuthawira panja mpaka kukagwera pamiyendo pa mayi. Adaseka tsiku limenelo mpaka kutsokomola, atatseka pakamwa ndi chitenje kuti mkamwini asamve, chonsecho mkamwiniyo akuseka kuseri kwa khoma lomwelo.

Thanki idayamba kufika tsiku la injini ili ndi madzi. Udzu uja udafota n'kufanana ndi unzake. Tsiku lonyamuka mayi, alamu adamanga katundu wawo panjinga n'kutsogola kukawadikirira basi kumsewu, mayi akubwera patali m'mbuyo. Ine ndidawaperekeza, ndipo ndidabwerera.

Ndili mwana ndinkaiona nkhani imeneyi ngati yoseketsa chabe. Ndakula ndi pamene ndaona kulemera kwa chitseko chimene mayi adakankha m'mawa uja. Kwa inu ndi chitseko cha chimbudzi basi. Kwa iwo udali ulemu wa moyo wawo wonse, chinthu chokhacho chimene mkazi wosauka ankayenda nacho mutu uli m'mwamba. Adauika pansi kuti mwana wawo asasenze mlandu wa eni, ndipo ulemuwo sudathe, udangokula. Ndidaphunziranso kuti m'nyumba chinthu chimaonongeka kawiri: koyamba chikathyoka, kachiwiri anthu akagwirizana kuti asachimve. Ndipo pamene akulu agwirizana kusamva, amene amalipira ndi wamng'ono, chifukwa mlandu uli ngati madzi omwewo, umatsikira kumene kuli kotsika. Chifukwa chake ine mpaka lero, mwana akanenezedwa pamaso panga, ndimayamba ndafunsa ngati wina wavundukula chivundikiro.

Ndiye mukatha mtedzawu, iwe ndi iwe, mukatseke kampopi kaye, musachite za mayi anga. Mukanyamule chivundikirocho ndi manja awiri, mukakweze kamkono, mukagwedeze mpira. Mukalephera mudzandiitane, maso ndiwo afooka koma makutu alipo.

Mukufuna kudziwa za anthu aja? Achemwali a Esinta adasunga lonjezo lawo. Adandiphunzitsa kudula diresi, ndipo pamene ndinkakwatiwa adandipatsa makina omwe aja. Ndasoka nawo mayunifolomu pakhonde la sitolo ku Nsaru mpaka msana udakana, ndipo amayi anu onse adaphunzira sukulu ndi phazi langali. Achemwaliwo adatisiya chaka cha njala chija, akadali ndi chiseko chawo. Khanda lija ndi amalume anu a ku Mpingu aja a imvi, amene amakonza mijigo. Amati ntchitoyo adaisankha okha, ine ndimangowayang'ana.

Alamu adapuma ntchito n'kubwerera ku Nambuma. Mpaka ukalamba wawo ankanditchula mmisiri, ndipo ine sindidasiye kuwanena miyendo.

Mayi adakhala zaka zambiri. Za tsiku lija sadazitchulepo ndi dzina lake, ankangoti tsiku la madzi. Atakalamba mawondo adawauma, moti kunjuta kudakhala nkhondo, ndipo chimbudzi chawo chidali kutali kumapeto kwa munda. Sadauze munthu. Koma chilimwe china ndili kumudzi tidamva belu kumsewu, ngiri, ngiri. Adali alamu, imvi zili mbuu, atamanga thumba la simenti panjinga. Mayi adalowa m'nyumba monga mwa kale. Alamu adakumba kuseri, pafupi, adawaka, adafolera, ndipo mkati adamangamo chokhalira chokwera, chosalala, ndi mtengo wogwirira pambali. Atamaliza adasamba m'manja, adanjuta pabwalo atafulatira khomo, n'kundiitana, ine mayi wa ana anga kale.

"Enelesi, uwauze amayi kuti kuseriku ndaikako kanthu."

Ndidalowa. Mayi adali atamva kale. Adapotokola nsonga ya mpango wawo.

"Uwauze," adatero, "kuti pini yanga ija abweza."